Kapu ya madzi yanditengera kukhoti

Aphungu,

Ndine wapampando wa komiti ya chitsime kwathu. Sukulu ndinalekeza msanga, ndipo kulankhula sindikonda.

Chiyambireni kampani ya mgodi kutsukira miyala kumtunda, madzi athu akutuluka ofiira. Tinaguba kukadandaula pageti pawo. Bwana wa kampaniyo anabwera kuchitsime kudzatiuza kuti madziwo alibe vuto. Analankhula padzuwa ola lathunthu mpaka mawu anasasa. Ine ndinatunga madziwo m'kapu, ndinampatsa ndi manja awiri monga tichitira ndi mlendo. Ndinangoti, "Imwani, bwana." Sanamwe. Mayi wina anafuula, "Kapena achite kukumwetsani ndi supuni?" Anthu anagwa nako kuseka.

Tsopano ndalandira samani. Akuti ndinautsa chipolowe, ndiponso ndinafuna kumwetsa bwanayo poizoni. Loya wawo akuti ndikasaina pepala lovomera kuti madziwo ali bwino, mlandu utha. Ndikakana, ndende. Mkazi wanga akuti, "Pitani, bambo, mwina kumeneko mukaphunzira kucheza." Koma mwiniwake wasiya kudya. Zidzukulu zanga zimamwa madzi amenewa. Ndisaine?

G.W.N., kumunsi kwa mgodi

Bambo G.W.N.,

Musasaine. Pepala limenelo lingakupulumutseni inu nokha, chitsime lichisiya chofiira.

Taonani bwino samani yanuyo. Pamsonkhano a kampani anati madziwo ndi abwino. Kukhoti akuti ndi poizoni. Adzasankhe chimodzi pamaso pa woweruza. Ngati ndi abwino, munapalamula chiyani? Ngati ndi poizoni, anathira ndani?

Mawa lomwe pitani ku ofesi yothandiza anthu pa milandu, mukapeze loya wanuwanu. Samani, pepala akukukakamizanilo, zonse akuwerengereni iyeyo. Mufunseninso kumene madziwo angakapimidwe. Lembani mayina a anthu amene analipo, koma mayi wa supuni uja mumlangize kaye, khoti si pamsika. Achinyamata asakhudze galimoto za kampani ngakhale ndi chala, chifukwa galasi limodzi likasweka mlandu wabodzawu usanduka woona. Mayi akunyumba muwauze zonsezi, ayambe kudya.

Tsiku la mlandu mukafike msanga. Kujomba ndiko kungakugonetseni m'chitokosi. Ndipo ndikuchenjezeni, bambo: woweruza akakufunsani, mukayankhe ndi pakamwa. Mlembi wa khoti salemba kugwedeza mutu, ndipo zimene simudzanena inu, adzakunenerani loya wa kampani.

Aphungu