Amayi a Real Ndi Ati?

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Mutu uja unaleka kukuvutani?

Ndine Faidesi. Mudabwa, ndikudziwa, chifukwa pamene munkatisiya ndinali giredi faifi, ngakhale kalata ya mizere itatu inkandikanika. Manje ndili giredi teni, ndimalemba mpaka dzanja kuwawa. Pakamwa pokha ndiye pamandilemerabe ngati kale.

Kuno tilipo. Akulu anga ba Agi anachira kuchipatala cha ku Mpanshya mwezi wa Epulo, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Akayamba kulira amalume amati, "Mlongo wanga wayambanso kulongolola." Chimanga sichinachite bwino, mvula inadula chili pa ngayaye, chotsalacho tinagawana ndi anyani. Mtedza wokha ndiye watichotsa manyazi. Njinga yanu ikuyendabe, koma tcheni chimagwa pa chitunda chomwe chija.

Koma chimene ndalembera ndi china, Amayi. Pali liwu la Chingelezi limene landisokoneza sabata yonse. Liwulo ndi real.

Ba Madamu a Chingelezi anatipatsa kompozishoni, mutu wake My Mother. Ine sindinaganize n'komwe, cholembera chinangopita chokha. Ndinalemba za mng'ono wanu, amayi aang'ono ba Rozi, amene akutisunga. Ndinalemba za tsiku lija malungo anandigwira, iwo n'kundimanga ndi chitenje kumbuyo kwa njinga, kupalasa kuchoka ku Shikabeta mpaka kuchipatala, nsapato imodzi itaduka. Ba Madamu anaikonda. Anati ndikaiwerenge Lachisanu, tsiku la makolo, pamaso pa anthu onse. Ine!

Basi Byuti, mwana wa ba Ngoma a kumudzi kwathu, anakweza dzanja. "Madamu, uyu wanama. Aja si real mother wake, ndi anti chabe. Real mother wake ali kumanda." Ba Madamu sanandikalipire ayi. Anangondiitana pambali, nati, "Faidesi, mwina usinthe mutu, ulembe My Aunt. Kapena ulembe ina ya amako a real. Ganiza, undiuze Lachinayi." Lachinayi lake ndi mawa.

Ndinapita kukatsegula dikishonale ya kusukulu. Akuti real ndi chinthu chimene chilipodi, chimene si cha m'maganizo chabe. Amayi, ndinatseka bukulo msanga. Chifukwa ngati zili choncho, inuyo mulipo kuti? Sindingakugwireni. Mawu anu ndimawamva m'mutu mokha, ndipo nkhope yanu masiku ena imandithawa mpaka nditayang'ana chithunzi cha pa reji yanu, chitupa cha boma chija. Dikishonale ikuti inu si real. Byuti akuti amayi aang'ono si real. Ndiye ine ndatsala ndi ndani?

Ndinayamba kutchera khutu kuti ndimve mmene ena amalinenera. Ku msika wa ku Rufunsa mnyamata wa nsapato ankakuwa kuti chikopa chake ndi real, si gonga. Apo ndamva, akutanthauza kuti si chonamizira. Atsikana ochokera ku Lusaka ukawauza chilichonse amangoti, "For real?" ngakhale uwauze kuti mbuzi yalowa m'kalasi. Ba Sa a masamu akuti nambala zonse zimene tikuphunzira ndi real, ngakhale za pansi pa ziro. Ndani anaonapo nkhuku zochepera ziro, Amayi? Koma akuti ndi real. Ndiye Lamulungu akatekisiti, pophunzitsa ana a Ukalistia, anati mkate uja ndi thupi la Ambuye, real, ngakhale maso akuona mkate. Chinthu chosaoneka chikhoza kukhala real, chooneka n'kukhala gonga. Mutu unangondizungulira.

M'chinenero chathu ndinayesa kuti amayi enieni. Komanso sizinandithandize, chifukwa liwu la anti limene akufuna ndilembe ife tilibe. Mlongo wa atate ali ndi dzina lake. Koma mng'ono wa amayi ndi amayi, basi.

Mwina simukudziwa zimene zinachitika titakuikani. Tsiku logawa zovala zanu, akuluakulu anatikhazika pa mphasa, ine ndi ba Agi. Anatenga chitenje chanu cha mpendadzuwa n'kuwafunditsa amayi aang'ono pamapewa. Amalume anati, "Ana inu, amanu ndi awa. Musadzati tilibe mayi." Palibe amene anatchula zoti mayi wongogwirizira. Byuti yemweyo analipo, atakhala pa miyendo ya amake.

Ndipo ndakumbukira inuyo. Paja mwana wa amayi aang'ono, Jesita, anakhala nafe chaka chathunthu, ine n'kumachita nsanje mukamuluka tsitsi poyamba. Ndinati, "Amayi ndi anga, iwe pita kwa amako." Munandikoka khutu mpaka misozi, n'kuti, "M'nyumba muno mulibe mwana wobwereka." Nanga ngati munalibe mwana wobwereka, mayi wobwereka angakhalemo?

Chimene ndikuopa ndi ichi. Ndikaima Lachisanu n'kunena My Mother ndikuloza iwo, kodi inu simudzati ndakuiwalani? Munandinyamula miyezi naini, munandiphunzitsa kusenza ndowa osagwira. Koma ndikati anti, iwo adzakhala pa benchi pomwepo, ndipo liwu limenelo amalidziwa.

Nkhaniyi amayi aang'ono anaimva kale kumjigo, kwa amake Byuti. Atabwera anangotula ndowa nati, "Iwe, lemba zimene ba Madamu akufuna. Usaluze mamaki chifukwa cha ine." Ananena akuseka. Koma dzulo ndawaona akutulutsa chitenje cha mpendadzuwa pansi pa sutikesi. Chiyambire tsiku logawa zovala lija sanachivalepo. Achichapa, achiyanika kuseri kwa nkhokwe kumene ankaganiza kuti sindiona.

Sindinamvetsebe real, Amayi. Mwina pa mayeso ndidzalakwa. Ndimafuna ndikufunseni kaye inu ndisanayankhe ba Madamu, koma ndalemba masamba awiri ndipo simunandikoke khutu.

Ndiyenera kupita tsopano, dzuwa lapendeka ndipo chigayo amatseka msanga. Amayi akundiitana kuti ndikweze thumba pa njinga.

Taonani zimene ndalemba pamwambapa. Ndaiwala kuika aang'ono. Labala ndili nayo pompano, koma sindifufuta. Mutu wa kompozishoninso sindifufuta.

Mwezi wa Novembala tikabwera kudzalambula pamanda, ndidzakuwerengerani inunso, mokweza, ngakhale mawu anjenjemere. Ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Faidesi