Tinagwirizana Dzanja Lokha

Lolemba, 3 Malichi

Appa alemba! Chiwagwirireni sitiroko miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, bambo anga sanatulutsepo liwu lomveka. Lero alankhula ndi dzanja lamanzere.

Mpira wathu uja wagwira ntchito. Kampira ka labala kokwana m'chikhatho, mkati muli timawaya tomva kufinya. Ukafinya pang'ono, kadontho kamayenda pa zilembo za pa kompyuta. Ukafinya mwamphamvu, chilembo chalembedwa. Ine ndi mnzanga Tejas talimbana nako ku labu ya ku koleji kwathu miyezi isanu.

Zawatengera mphindi khumi ndi imodzi. Amma, mayi anga, anaima kumbuyo kwa mpando atagwira pakamwa, kudikira mawu aakulu. Zomwe zinatuluka: KHOFI WACHEPA SHUGA.

Amma kulira uku akuseka. "Zaka makumi atatu ndili nanu, mawu oyamba n'kudandaula!"

Tejas amajambula ndi foni kuti tikaone bwino mmene zala zikufinyira. Ndinamuuza asanayambe: dzanja lokha, nkhope ayi. Appa anali mphunzitsi wamkulu zaka makumi awiri, mbali yathu ino ya mzinda wa Mysuru palibe yemwe sawadziwa. Safuna kuonedwa pakamwa patapotoka, malovu akuchucha. Ngakhale achibale akabwera amatembenukira kukhoma. Tejas anagwada pambali pawo. "Ankolo, dzanja lokha. Ndikulumbira." Appa anaphethira, kuvomera.

Tejas wadya madosa asanu, zitumbuwa zopyapyala za mpunga zija. Amma amamusungira ouma m'mbali aja, ine mwana wawo n'kupatsidwa ofewa.

Lachitatu, 5 Malichi

Tsiku loipa. Dzanja likatuluka thukuta mpira umaterera, ndiye umanama: Appa akufuna "ka", iwo ukulemba "ga". Ayesa mphindi makumi awiri, kenako anauponya pansi n'kuyamba kulira. Sindinawaonepo akulira, ngakhale kuchipatala. Amma anawapukuta kukamwa ndi nsonga ya sari, nsalu yawo yovala. Ine ndinali pansi pa tebulo kufunafuna mpira. Tejas amajambula ngati Lolemba.

Loweruka kuli chionetsero cha ku koleji. T. akalankhula pa nsanja, ine ndikakhala pa tebulo. Pomuperekeza pa basi anati, "Chaitra, manambala okha sagwira mtima. Anthu amafuna kuona munthu." Ndinati ayi. Anakweza manja. "Chabwino bwana, musandidye."

Lachisanu, 7 Malichi

Ndasokera mpira kansalu kunja, sukutereranso. T. sanayankhe foni tsiku lonse, akuti akukonza zokanena.

Loweruka, 8 Malichi

Sindikudziwa poyambira.

M'mawa zimayenda bwino. Anthu pa mzere kudzafinya mpira, ena kulemba maina awo, mayi wina kufunsa ngati mchemwali wake wodwala angaupeze. Pa tebulo la pafupi panali magolovesi oyendetsera kompyuta, koma anthu ambiri anali kwathu. Ndinanyada.

Masana Tejas anakwera pa nsanja. Ine ndinaima kumbuyo kwa holo, mpira uli m'manja. Analankhula za timawaya mphindi ziwiri zokha, kenako anati, "Tsopano ndikuonetseni munthu amene tinamupangira." Magetsi thi.

Nkhope ya Appa. Yonse, yodzaza khoma. Pakamwa paja, malovu aja. Za Lachitatu zonse: kulephera, kuponya mpira, kulira, sari ya Amma ikupukuta. Waikamonso kanyimbo kachisoni. Kumapeto ndiye khofi uja, holo yonse kuseka, kenako m'manja phu phu phu. Pansi pa chithunzi analemba dzina lawo lonse, ndi sukulu imene ankaphunzitsa.

Mafoni anali m'mwamba. Ndinawerenga mpaka khumi ndi asanu n'kusiya.

Madamu Hegde, otiyang'anira, anandigwira paphewa. "Mwachita bwino, Chaitra. Bambo ako ndi olimba mtima kulola zimenezi."

Kulola.

Tejas ndinamupeza panja akumwa tiyi ndi alendo. Ndinamukokera pambali.

"Unalumbira."

"Wawaona anthu mmene analirira? A chipatala awiri akufuna kuyesa mpira. Awiri!"

"Unagwada pamaso pawo, Tejas."

"Ndikanakufunsa ukanakana."

"Ndiye chifukwa chake sunafunse?"

Anayang'ana m'kapu. Kenako anati, "Ndachitira Ankolo omwewo. Tsiku lina udzandithokoza."

Zaka zisanu ndi chimodzi tikudziwana. Usiku wa sitiroko ndi iyeyo ananyamula Appa kutsika nawo masitepe.

Kunyumba Amma anafunsa mmene zayendera. Ndinati bwino. Appa analemba: ANAOMBA M'MANJA? Ndinati eya.

Lamulungu, 9 Malichi

Tejas wandiimbira kasanu ndi kawiri. Uthenga umodzi: "Tikambirane ngati akuluakulu." Sindinayankhe.

Ndikungoganiza za Lachitatu. Ine ndili pansi pa tebulo, iye anakweza foni. Si ngozi. Kuti nkhope ilowe, umachita kukweza.

Lolemba, 10 Malichi

Ndapita kwa Madamu. Kanemayo anamuona Lachinayi. Tejas anawauza kuti banja lavomera, chikalata ndisaina ine pambuyo. Lachinayi! Ndiye pamene ine ndinkasoka kansalu Lachisanu, zonse zinali zitatha kale.

Nditawauza zoona anavula magalasi. Anaimba foni kuti kanemayo amuchotse pa tsamba la koleji, ndipo amuchotsa. Koma wakhalapo masiku awiri. Anati, "Tejas ndimuitana, ayankhe mlandu. Koma kanema amene ali m'mafoni a anthu sindingamubweze, mwanawe."

Ku labu T. anali pa mpando wake. Anandiikira khofi pa tebulo langa. Ndinatenga mipira yonse itatu ndi kabuku kanga n'kutuluka. Khofi akadali pomwepo, ndikhulupirira.

Lachiwiri, 11 Malichi

Zafika.

Ndikuchokera ku msika ndinapeza nsapato zachilendo pakhomo. Bambo wina, Basavaraj, wophunzira wakale wa Appa, ali ndi thumba la malalanje. Amma analephera kumubweza. Anaima pamaso pa Appa manja ali pamodzi, misozi ili m'maso.

"Aphunzitsi, tonse taona pa gulu lathu la pa foni. A kalasi yathu, ngakhale amene ali kunja. Sitinkadziwa kuti zafika pamenepa."

Appa sanatembenukire kukhoma. Anayang'ana ine.

Mlendo atapita Amma anafunsa, "Aona chiyani?" Ndinawauza zonse tili chiimire m'khitchini. Sanakalipe. Anangoti, "Tejas wathuyu?" Kenako anazima moto, mpunga usanapse.

Lachitatu, 12 Malichi

Appa ndawaikira mpira pa ntchafu, augwetsa ndi chigongono. Katatu.

Lachinayi, 13 Malichi

Sakuukhudzabe. Tabwerera ku zakale: Amma kufunsa, iwo kuphethira kamodzi kapena kawiri. Madzi? Chimbudzi? Wailesi?

Ndinagwada n'kunena kuti, "Appa, ndinamukhulupirira. Ndine ndinamulowetsa ndi foni m'nyumba muno. Pepani." Anatseka maso.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti mpira ukugwira ntchito. Sunagwirepo bwino ngati pano.

Loweruka, 15 Malichi

M'mawa ndikusesa ndinamva kulira kwa kompyuta, kaphokoso kaja ka chilembo chikalembedwa. Amma anali atawapatsa mpira osandiuza. Ndinayimika tsache.

NDIONETSE.

Ndinati, "Appa, musatero." Anafinya kachiwiri, pang'onopang'ono, liwu lomwelo.

Kanema uja ndinamupeza pa foni ya Amma, msuweni wina anawatumizira dzana. Ndinagwira foni patsogolo pawo mphindi zitatu zonse. Anadziona akulira, anamva holo ikuseka za khofi. Sanaphethire n'komwe. Kanemayo atatha, zala zinayamba.

MUITANE.

"Tejas?"

Anaphethira kamodzi.

"Mukufuna kumuuza chiyani? Lembani, ndikamuwerengera ine."

AYI. ADIKIRE NDILEMBE. AIME.

Amma anatulutsa kamawu, sindikudziwa ngati kunali kuseka. Ana a sukulu olakwa ankaima choncho mu ofesi ya Appa.

Appa anali asanamalize. Chilembo chimodzichimodzi, thukuta lili pamphumi: NDIMETE NDEVU.

Amma apita kukatenthetsa madzi. Ine ndaimbira Tejas. Wayankha isanalire kachiwiri.

"Chaitra, mvera, ine..."

"Appa akukufuna mawa teni koloko. Foni usiye kwanu."