Dzanja Lamanja la a Lourenço

Lolemba, 5 Janeiro

Dinércia wabwerera ku Joni. Nyumba zii. Mwana mmodzi yekhayo, koma phokoso ngati ana asanu.

Wasiya gemu ija ya mpira ya pa TV ndi makomando awiri, timakina togwira m'manja tija. Akuti ndi ya bambo ake. Tsiku loyamba ndinaseka. Munthu wagwira ntchito ya njanji ku Entre Lagos mpaka imvi mbuu, lero azithamangitsa tianthu pa galasi? Koma ndadzionera ndekha. Chidwalireni tirombozi, matenda ofa ziwalo aja, chaka chatha, dzanja lamanja la a Lourenço linali ngati lobwereka. Supuni kugwa. Mabatani a malaya, ine. Kampira kofinya kamene anawapatsa kuchipatala kali pansi pa bedi ndi fumbi lake. Koma Khirisimasi yonseyi mpira ndi mwana wawo, chala chachikulu chikuyenda bwinobwino. Mpaka kukalipira woimbira! Mawu amene ndinawasowa chaka chathunthu.

Apangana: Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa azisewera, iye ku Joni, iwo kuno ku Mandimba. Kusewera ndi makina akukana. "Ine ndimasewera ndi anthu." Amuna anga amenewo.

Lamulungu, 11 Janeiro

Zakanika. Gemu ikuonetsa kuti Dinércia alipo, koma kulumikizana ayi. Bambo atasamba kale, atavala malaya a ku tchalitchi, komando pamiyendo ngati akudikira sitima.

Dinércia akuti vuto ndi intaneti yathu ya SIM, siilola gemu ya kunja kulowa m'nyumba. Pafunika VPN. Ndati chimenecho n'chiyaninso? Akuti ndi njira yapadera: zonse zimayamba zadutsa pa kompyuta ya m'dziko lina, kenako n'kukafika kwa iye. Mu gemu siilowa, iyenera kuikidwa mu rauta, kabokosi ka intaneti kaja. Mnzake wa kusukulu, Rosita, ali ndi shopu ya mafoni ku Cuamba. Ndipita ndine, nanga ndani.

Lachitatu, 14 Janeiro

Cuamba. Shapa, minibasi yathu ija, yodzaza thothotho, mvula njira yonse. Rauta ndinaikulunga m'kapulana, chitenje changa, n'kuifungatira. Mayi woyandikana nane wandifunsa ngati ndi mankhwala. Ndati inde.

Rosita wakula, wanenepa, pakamwa ndi pomwe paja. Ine ndimafuna yaulere. Wakana. Akuti zaulere zimaduka pakati pa masewera, ndiponso sudziwa amene akusuzumira zinthu zako. Watisankhira yolipira pamwezi, imene imalola kulowa mu rauta. Azilipira Dinércia. Bola, chifukwa mega za intaneti zokha zikundidya kale, ndipo mwezi uno anthu sakusoketsa zovala kwa ine, ndalama zonse zili ku feteleza.

Shopu inali yodzaza, aliyense akumukoka. Wandiikira kanthu pa foni n'kuti, "Mukafika mukangosankha dziko, titia, n'kudina apa."

Kunyumba ndatsegula. Mbendera mbwee! Ya kwathu palibe. Ya Malawi, pamphuno pathu pomwepa, palibenso. Ndasankha Portugal kuti zolembedwa zizibwera m'Chipwitikizi, bambo aziwerenga okha, Chingerezi chimawapweteka mutu. Ndadziyamikira ndekha. Conceição iwe, mutu uli nawo.

Lamulungu, 18 Janeiro

Yalumikiza! Mawu a Dinércia m'nyumba muno ngati ali kukhitchini. Ndinavina ndi chikombe m'manja.

Koma mpira sunayende. Bambo akadina, munthu wawo amayamba waganiza kaye. Pomenya, mpira wapita kale. Zigoli kumangolowa. Sanakalipire aliyense, ndipo n'chimene chinandiopsa.

Dinércia anati mwina redi, netiweki imeneyo, ikuchedwa chifukwa cha mvula. Iwo: "Usandinyengerere, mwanawe. Dzanja ndi langa, ndikulidziwa."

Masana adya ndi lamanzere. Lamanja pansi pa tebulo.

Lachinayi, 22 Janeiro

Mabatani a malaya, inenso.

Magetsi anazima m'mawa wonse. Diresi la mwana wa a Issa silinathe. Bambo pakhonde, kulitembenuza dzanja uku ndi uku. "Pa Khirisimasi linkandimvera. Likubwerera kumene linachokera." Ndati tiyeni kuchipatala akalione. Akana. Ndalitenga n'kulisisita ndi mafuta, sanalichotse. Dzanja limeneli ndi limene linandigwira pa dansi ku Cuamba ndili mtsikana, mpaka amalume anga anatsokomola. Ndimalikonda kuposa mwini wake, mwini wake ndi wamakani.

Lamulungu, 25 Janeiro

Chimodzimodzi. Aleka pakati pa masewera, komando aika pa mpando mwaulemu, alowa kuchipinda. Tianthu tawo tinangoima m'bwalo.

Dinércia wandiimbira akulira. Akuti kapena analakwa kubweretsa gemuyo. Ndamukalipira kuti asiye zimenezo. Nditadula foni ndalira ine.

Lachiwiri, 27 Janeiro

Alamu anga a Stefano abwera kuchokera ku Ngauma pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. Akhala ndi akulu awo pansi pa mtengo wa mango nthawi yaitali. Ine kuitanidwa zitatha kale.

Akuti bambo akufuna kupita kumudzi kukapuma. Kupuma kumeneko ndimakudziwa ine! Kulibe magetsi, chipatala kutali, manda a makolo kuseri kwa munda wa fodya. Amalume awo anapita kukapuma chomwechi, tinangokawaika m'manda. A Stefano si oipa, akuchita zimene akulu awo apempha. Abwera Lolemba ndi galimoto.

Ndakana kulongedza. Alongedza okha ndi lamanzere, chikwama chili pakhomo la chipinda. Ndati ndiye mundisiya ndi ndani? Akuti sakufuna ndikalambe ndikumanga mabatani a munthu wina. Munthu wina! Zaka zonsezi, lero akhala munthu wina.

Lachisanu, 30 Janeiro

Sitikulankhulana kwenikweni. Ndawaphikira nkhwani wotendera umene amakonda. Adya pang'ono.

Lamulungu, 1 Fevereiro

Mulungu wanga, ndilembe bwino zimenezi.

Tachoka ku Misa, iwo molunjika kuchipinda. Pa TV dzina la Dinércia layaka, mwana akudikira. Zinandimvetsa chisoni kuti adikire yekha. Ndatenga komando ndekha, ndati ndiphunzitse, amayi ako ndine. Wandiuza batani lomenyera. Ndadina. Munthu wanga phee. Kenako ndiye wamenya, mpira uli kale kwina. Ndadinanso, chimodzimodzi. Aa! Zala zangazi zimalowetsa ulusi m'singano ndisakuyang'ana, zachedwa liti?

Ndamuimbira Rosita pomwepo. Wandifunsa dziko limene ndinasankha. Ndati Portugal. Anaseka mpaka kutsamwa. Akuti bambo akadina, kudinako kumapita kaye ku Lisboa, n'kutembenuka, n'kutsika mpaka ku Joni. Chilankhulo sichikhudzana ndi mbendera n'komwe, chimasinthidwa mu gemu momwemo. Umasankha dziko loyandikira kumene mnzako ali. South Africa inalipo pa mndandanda womwewo, ine ndinaidumpha ngati chithaphwi.

Ndasintha. Ndadina. Wamenya nthawi yomweyo!

Ndathamangira kuchipinda. Bambo atagona chafufumimba. Ndawafotokozera zonse, mawu akupunthwa. Iwo osatembenuka: "Nanunso mwayamba kundinyengerera, mayi a Dinércia?"

Apo ndiye ndinapsa mtima. Ndawakoka mkono, wabwinowo, mpaka pabalaza. Ndati khalani apa, diso limodzi pa chala changa, lina pa galasi. Ndabwezera Portugal. Kudina, kudikira, kumenya. Ndaika South Africa. Kudina, kumenya. Akuti bwerezani. Ndabwereza. Akuti bwerezaninso, nkhope ili gwa ngati akuyendera njanji.

Kenako anatambasula dzanja. Lamanja.

Agonja, inde, mwanayo alibe chisoni ndi bambo ake. Koma chimodzi anachinya, choyera, ndipo anakuwa mpaka nkhuku za aneba zinabalalika. Atatha anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinati lero ndatha ine. Iwo: "Ndiye mpira wanga mumaupititsa ku Ulaya wopanda pasipoti?" Ndati ndimafuna muziwerenga nokha. Anaseka mpaka misozi, kenako sikunalinso kuseka. Ndinathawira kukhitchini.

Masabata awiri munthu akulira maliro a dzanja lamoyo, chifukwa cha mbendera yanga. Ndikanapanda kugwira komando lija, mawa akanakwera galimoto.

Koma nanga chikwama chija? Chikadali pakhomo paja. Sindinafunse, ndikuopa.

Lolemba, 2 Fevereiro

A Stefano afika m'mamawa, galimoto ya mnzawo ikulira panja. Ndinangoima ndi tsache. Bambo atuluka, alonjerana, afunsa za fodya ndi za mvula. Kenako awauza kuti akapereke moni kumudzi, iwo abwera fodya akauma, kudzacheza, pa shapa ngati munthu aliyense. A Stefano anandiyang'ana ine. Ndinangowathirira tiyi.

Galimoto yapita. Panopa ali pa bedi, chikwama pamiyendo, akuchitsegula ndi lamanja. Zipi yagwira nsalu, ikuwavuta. Ndinati ndiyandikire, andibweza ndi diso. Ndiye ndakhala pano ndi cholembera kuti manja anga asapite kumeneko. Thukuta lili pamphumi. Akuitukwana zipiyo m'Chipwitikizi, m'Chiyao, ndi mawu ena amene sindingalembe. Yasuntha pang'ono.