Chikwangwani Chimene Ndinaanula

Clontarf,
Dublin.
2 Novembala, 2025.

Okondedwa achemwali anga a Miriam,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Phalombe. Ine kuno ndili gwa, kungoti kuzizira kwayambanso, moti ndikulemba nditavala majuzi awiri. Mudabwa kuti ndalemberanji kalata chikhalirecho timayankhulana pa foni Lamlungu lililonse. Chifukwa chake ndi inu nomwe: mumandidula pakamwa ndi kuseka ndisanafike n'pakati pomwe. Choncho ndapatsira a Rodwell a kutchalitchi kwathu, amene akubwera ku Blantyre sabata yamawa. Akupatsaninso kaphukusi kakang'ono. Musakamasule musanamalize kuwerenga. Ndikukudziwani, mwayamba kale kukapapasa.

Mukukumbukira kuti ndimakhala ndi Mayi Eleanor, amene ndimawasamalira chichitireni opaleshoni ya m'chiuno. Ali ndi zaka 79, koma pakamwa pawo n'pa mtsikana. Kuseri kwa nyumba yawo kuli malo aakulu a kapinga, ndipo kumapeto kwake kuli khoma lanjerwa limene limasunga kadzuwa kochepa kamene dziko lino lili nako. M'tsinde mwa khoma limenelo ndi mmene ndimabzala maungu a amayi athu, aja a khungu lokhakhala, a ufa m'kati. Nthanga zake anandimangira okha pa kansalu tsiku limene ndinkanyamuka. Ndinayesa kubzala m'zidebe ku hositelo, zinkangoyanga masamba osabereka. Pakhoma pokhapo m'pamene zinavomera. Ndiye mutandiuza kuti mbewu yanu inapita ndi madzi a namondwe Freddy pamodzi ndi nkhokwe, ndinadziwa kuti maungu a amayi atsala pamalo amodzi padziko lonse, ndipo malowo si anga.

M'mwezi wa Febuluwale Mayi Eleanor anadzuka ndi maganizo. Ati pa utsikana wawo anali katswiri wa tenisi, masewera aja omenyerana kampira kachikasu pamwamba pa ukonde, ndipo safuna kufa asanamenyenso. Adokotala anawauza kuti aziyendayenda, iwo anamva kuti amange bwalo. Mwana wawo Thomas, bambo wabwino koma wothamanga magazi, anabwera ndi anthu oyeza malo. Ndinkawaonera pawindo akukhoma zikhomo, ndipo ziwiri anazikhoma pakati penipeni pa dimba langa. Mtima unandipweteka, achemwali. Munthu ungaletse mwini wake kumanga pamalo pake chifukwa cha nkhwani?

Koma kuno sumangodzuka n'kuyamba kukumba. Popeza bwalolo linali la mpanda wautali ndi magetsi, panafunika chilolezo cha khonsolo. Thomas anatumiza mapulani, kenaka anamangirira pepala pageti, atalilowetsa m'kapulasitiki kopyapyala. Ine sanandiuze kanthu za pepalalo. Patapita masiku atatu kunagwa mvula ya mphepo. Ndikuchokera kogula mkaka ndinaona madzi atalowa m'kapulasitikimo, inki yayamba kuyenderera, dzina la Mayi Eleanor likufufutika. Ndinati m'mtima, azungu awa kusasamala kwake! Pepala la boma kulisiya pamvula ngati chigamba? Inu mukudziwa mmene amayi ankatimenyera tikaiwala ufa pamphasa mitambo itada. Ndinalianula. Ndinaliyanika pa hita, ndinalisita bwinobwino nditaphimba kansalu, n'kuliika m'dirowa ya makalata ofunika. Tsiku limenelo ndinkayenda modzimva kuti pakhomo pano pali munthu wanzeru.

Loweruka lake ndinakumana ndi Racheal, mnzanga wa ku Zambia amene ndi nesi ku chipatala cha Beaumont, tikugula usipa ndi nsinjiro ku Moore Street. Ndinamufotokozera modzitama. Anaika jumbo pansi n'kugwira m'chiuno.

"Iwe Tisu, wachita chani? Ija ni site notice! Ifunika kunkhala pa gate five weeks, mvula olo snow, kuti ma neighbour aziwerenga. Ba council bakabwera bapeza palibe, application yafa. Yenda manje manje ukabweze!"

Apa ndi pamene pali nkhani imene sindinakuuzeni pa foni. Kuanula kuja kunali kusadziwa, Mulungu ndi mboni. Koma nditakwera basi, mawu akuti "yafa" anayamba kundikomera m'khutu. Nditafika ndinatsegula dirowa, ndinaliyang'ana pepala lija, ndinayang'ananso timbande tanga timene tinali titangomera m'makapu pawindo, ndipo ndinatseka dirowayo. Ndinati ndibweza mawa. Mawalo linakhala masiku asanu ndi limodzi. Pamene ndinkalimangiriranso pageti n'kuti munthu wa khonsolo atadutsa kale. Kalata inabwera yonena kuti pempholo silikuwerengedwa, ayambirenso.

Thomas anapsa mtima mpaka makutu kufiira. Anati akudziwa amene wachita, ndi a Dalton, neba wathu wopuma pantchito, amene anadandaulapo kuti magetsiwo aziwathobwa m'maso kuchipinda. Anatenga jekete kuti akawapeze. Achemwali, bambo amenewo amandinyamulira bini Lachiwiri lililonse osawapempha. Ndinaona kuti ndikapitiriza kukhala chete ndiye kuti ndine mfiti. Ndinapita pabalaza pamene mayi ankamwa tiyi, n'kugwada pansi monga tinaleredwera.

"Tisungane, wagwa? Thomas, itana ambulansi!" anakuwa motero Mayi Eleanor.

Ndinati sindinagwe, ndalakwa. Nditafotokoza za hita ndi simbi, mayiwa anaseka mpaka tiyi kutayikira pa siketi. "Unalisita? Pepala la khonsolo?" Ngakhale Thomas anakhala pansi jekete ili m'manja, mapewa akugwedezeka. Ndikanatha kulekera pomwepo, nkhani ikanathera m'kuseka. Koma pakamwa panga panapitiriza pokha. Ndinawauza za masiku asanu ndi limodzi aja. Kuseka kunatha.

"Chifukwa chiyani?" anandifunsa mayiwo, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Ndinawauza zonse. Za kansalu ka amayi, za madzi amene anakokolola nkhokwe yanu, ndiponso kuti amayi atamwalira sindinathe kubwera chifukwa mapepala anga okhalira kuno anali asanatuluke. Ndinati sindinaponye dothi m'manda mwawo, ndiye dothi limene ndimagwira m'malo mwake ndi la pakhoma paja. Ndinalira, achemwali, kulira kwa mamina komwe, ndipo m'mutu ndinali nditayamba kale kulongedza katundu wanga.

Mayi Eleanor anadzuka pampando. Anatenga ndodo yawo n'kutuluka, ife tikuwatsatira pambuyo. Atafika pakhoma anamenya chikhomo chimodzi ndi ndodo mpaka chinagwa.

"Zaka zitatu ndakhala ndikudya masamba awa ndi mtedza, osandiuza kuti ndikudya za mayi ako? Ndakwiya nawe, Tisungane, osati chifukwa cha pepala, koma chifukwa unandiyesa munthu amene sangamve. Thomas, bwalo lisunthe."

Thomas anati likasuntha ndiye kuti kanyumba kosungiramo zida kagwetsedwe, ndipo wojambula mapulani ayambirenso. Mayi ake anamuyankha kuti kanyumbako muli njinga zake za ali mwana ndi akangaude basi. "Bwalo lili papepala, lingayende. Khoma ndi dzuwa sizingayende." Kenaka anatembenukira kwa ine n'kufunsa dzina la amayi anga. Ndinati Magdalene. Anandifunsanso kuti malo otere timawatcha chiyani kwathu, ndipo anandilembetsa pa kapepala.

Chikwangwani chachiwiri anachimata pa thabwa, m'pulasitiki yolimba. Chimenecho ndinachilondera kuposa mlonda wa pa banki. M'mawa uliwonse ndinkachipukuta ndi kansalu, ndipo tsiku lina mvula itakula mtima sunandilole, ndinachimangirira ambulera pamwamba. Anthu odutsa ankaima n'kumajambula. A Dalton ndinakawapepesa ndekha nditanyamula mbale ya nkhwani wotendera, ngakhale sankadziwa n'komwe kuti anatsala pang'ono kunamiziridwa. Anadya, anapempha wina, ndipo za magetsi anagwirizana ndi Thomas kuti aziyang'ana pansi ndi kuzimitsidwa msanga.

Chilolezo chinatuluka mu Ogasiti. Mayi anavina ndi ndodo yawo m'khitchini, ine ndikululutira mpaka galu wa a Dalton anayamba kuuwa. Bwalo linatha mwezi wathawu, lobiriwira, la mizere yoyera. Musaseke, koma mng'ono wanu tsopano amasewera tenisi. Mayi amaima pamodzimodzi osasuntha, ine ndi amene ndimathamanga uku ndi uku ngati nkhuku yothawa mpeni, koma amandigonjetsabe. Racheal akabwera amangokhala pa benchi n'kumakuwa kuti, "Menya iwe, sindiwe wamene unasita notice?" Timipira tikadumpha mpanda timakagwera m'maungu, ndipo lamulo la mayi ndi lakuti palibe wolowamo kukatola koma ine ndekha.

Chaka chino ndakolola maungu asanu ndi awiri. Lalikulu kwambiri sitinadye msanga, ndinalisiya likhwime bwino. Tsopano masulani kaphukusi kaja. Ndi nthanga zake, ndaziyanika ndekha pawindo, ndipo nsaluyo muizindikira. Mubzale ndi mvula yoyamba kuseri kwa khola, kumene amayi ankabzala, zina mugawireko azakhali kuti mbewuyi isadzakhalenso pamalo amodzi.

Mupezanso pepala lopindidwa kanayi. Ndi kope la pulani imene khonsolo inavomereza. Muyang'ane kumunsi, pambali pa bwalo, pali kabokosi kakang'ono kolembedwa m'Chichewa chathu kuti "Dimba la Magdalene". Thomas akuti mapepala amenewa amasungidwa mpaka kalekale, ndipo aliyense angathe kukawaona. Amayi aja ankadinda chala polandira makuponi a feteleza, lero dzina lawo lili m'mabuku a mzinda umene sanaulotepo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mwana wanu Prosper ndi azing'ono ake, kwa azakhali ndi onse a kumpingo. Mukamapita kukalambula kumanda mvula isanagwe, mutenge pepalalo. Mukawawerengere amayi mokweza, pang'onopang'ono, paja khutu lakumanzere silinkamva bwino. Mukawauze kuti Tisungane sanabwere, koma mbewu sanataye, ndipo akumaanulabe zinthu mitambo ikada.

Ine mng'ono wanu wokusowani,
Tisungane.