Ng'ombe za a Manase

Iponga, Karonga
10 Disembala 1972

Okondedwa achimwene a Lyson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako. Kuno amayi ali bwino, mwendo uja unasiya kutupa. Kalatayi ndapatsira a Hudson a lole, sindinafune kuti idzere ku positi. Mukawerenga muiotche.

A Manase, anansi athu a Mboni za Yehova aja, anathawa. Mvula itachedwa, anthu anayamba kunena kuti vuto ndi iwowo, okana kugula khadi la chipani. Ngakhale nkhuku zikafa ndi chitopa ankati ndi a Mboni.

Achimwene, ine ndili ndi mlandu. Anyamata a chipani anabwera kusukulu kudzafuna wolemba bwino, aphunzitsi n'kuloza ine. Iwo ankatchula maina, ine n'kumalemba. Dzina la a Manase linali lachitatu. Pepalalo analikhoma pamtengo wa mango pafupi ndi sitolo, ndipo Lachisanu nyumba yawo inatenthedwa.

Loweruka m'mawa ndinamva mawu awo akukusa ng'ombe kudambo. Ndinawapeza akulima munda wa mpunga wa amayi, nkhope yotupa, malaya opserera. Anati analonjeza amayi kuti adzawalimira mvula ikagwa, tsono yagwa. Akazi awo a Keziya ndi ana anali atabisala m'nthochi ndi akatundu, kudikira kuti akawoloke mtsinje wa Songwe, atuluke m'dziko muno.

Ndinayamba kuwauza za pepala lija, koma anandidula. Anati analiona, ndipo kalembedwe kanga amakadziwa poti ndine ndinkawalembera makalata. Anaseka, amvekere dzina lawo silinalembedwepo mokongola chotero chibadwire. Kenako anandigwiritsa khasu la ng'ombe, n'kumandikalipira kuti mzere wakhota, ndiziyang'ana kutsogolo. Tinamaliza dzuwa lili pamutu.

Ng'ombe zawo zinayi anazisiya m'khola mwathu monga mwa mwambo wa kuno: mkaka tizimwa ife, koma ng'ombe ndi ana amene zibereke ndi zawo.

Dzana anyamata aja anabwera, akuti ng'ombe za a Mboni zikaphedwe pamsonkhano. Ndinawauza kuti zimenezi ndi zanu, munagula kalekale kuti mukalowolere mkazi. Atafunsa dzina la mkaziyo ndinati ndi Dora wa ku Uliwa. Achimwene, Dora ameneyo kulibe. Anyamatawo anati adikira mubwere pa Khirisimasi, mudzanene ndi pakamwa panu.

A Manase sakananama chotero, ngakhale atawamenya bwanji. Ine mtima wawo ndilibe, ndinangochita zimene ndinatha.

Chonde mubwere, mudzavomere mawu anga. Mukakana, ng'ombe zipita, ndipo sindidziwa ndidzawauza chiyani eniake akadzabwerera. Amayi akudziwa zonse. Akuti ngati Dorayo simukumufuna mubwere ndi dzina lina, bola mwiniwake akhale woti alipo.

Mulungu akusungeni. Mupereke moni kwa azakhali a Yunike, koma izi musawauze.

Ine mng'ono wanu,
Ambokile