Inshuwalansi ikadali m'dzina la malemu amuna anga

Aphungu,

Ndine mayi wamasiye wa ku Chitawira, ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina m'tauni. Amuna anga, a Peterson, anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Anasiya galimoto yawo ya Corolla, yoyera, ya otomatiki. Ine kuyendetsa sindidziwa. Ntchito yanga inali kukhala kumanzere, chikwama pamiyendo, n'kumakuwa kuti, "Bambo, minibasi iyo!"

Galimotoyo ili pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Lamulungu ndikabwera kutchalitchi ndimaipukuta, n'kuiliza pang'ono monga ankachitira eni ake, kenako ndimangokhala m'menemo kumvera wailesi. Musandiseke. Mpando wa dalaivala sindinausunthepo, uli kumbuyo komwe anausiya poti anali aatali miyendo.

Inshuwalansi ndakhala ndikulipirabe. Nthawi ikakwana ndimatumiza ndalama pa foni kwa mkulu amene ankawathandiza za inshuwalansiyo, pepala n'kubwera. Sindinamuuze kuti bambo anamwalira. Mabanki, akuntchito kwawo, onse analemba kuti malemu. Pepala limeneli lokha ndi lomwe limabwerabe ndi dzina lawo ngati ali moyo, ndipo ndikaliona mtima umakhala pansi.

Tsopano anthu andipanikiza. Mwana wanga Angella, yemwe ali pabanja ku Naperi, akuti tigulitse. Analankhula kale ndi a Nazir ogulitsa magalimoto ku Limbe. Anandiuza kuti, "Amayi, mukudyetsa ng'ombe yosakama." Mbali inayi alamu anga a Melvin, ang'ono awo a malemu, akufuna ndiwabwereke azinyamula anthu pakati pa Limbe ndi m'tauni, ati azindipatsa kangachepe sabata ndi sabata. Akuti, "Alamu, inshuwalansi ilipo, vuto n'chiyani? Achimwene sakanandimana." A Melvin anavutika nafe kwambiri pa matenda, ndiye kuwakana ndikuchita manyazi.

Inshuwalansi itha mwezi wamawa. Kugulitsa ndikuona ngati ndikuwaika m'manda kachiwiri, koma malipiro anganso ndi ochepa. Nditani ine?

Mayi J.K., Chitawira, Blantyre

Mayi J.K.,

Pepani ndi zovuta. Kukusekani ayi, ena amasunga chipewa, ena jekete, inu mwasunga Corolla. Kungoti chipewa sichifuna matayala.

Tiyambe ndi zowawazo. Pepala limene likukutonthozanilo likhoza kukutayani tsiku la ngozi. Inshuwalansi ndi pangano la kampani ndi munthu wamoyo. Mukapita kukadandaula iwo n'kutulukira kuti mwini pangano anamwalira kalekale ndipo simunawauze, akhoza kukana kulipira, inu n'kutsala manja ali m'khosi. Choncho sabata ino nyamukani nokha, osati pa foni, mupite ku ofesi yawo ndi chiphaso cha imfa. Auzeni zoona zokhazokha, ndipo zomwe akuyankheni akulembereni.

Chachiwiri, galimotoyo ndi chuma cha masiye, ndiye Angella ali ndi mawu ake. Khalani naye pansi, mutenge makalata okulolezani kuyang'anira chumacho, kenako mukasinthe dzina pa bulubuku, chikalata cha umwini wa galimoto, ku Road Traffic. Izi muchita basi, kaya mugulitsa kaya musunga. Ngakhale a Nazir, ngati ali wamalonda wosamala, sagula galimoto kwa munthu amene dzina lake silili pa mapepala.

Za a Melvin, yankho ndi ayi. Muwakane mwaulemu, tiyi ali patebulo, koma muwakane. Kunyamula anthu olipira kumafuna mapepala ake ndi inshuwalansi yakeyake, osati ya galimoto yopitira kutchalitchi. Komanso ndawaona magalimoto a matola, miyezi ingapo chitseko chimayamba kutsekedwa ndi chingwe. Kangachepe ka pa sabatako kadzathera kwa makanika, chibale n'kuthera pomwepo. Ubwino wawo wa pa matenda muwathokoze mwa njira ina.

Ndiye mugulitse? Mwandilembera ngati njira zilipo ziwiri zokha. Nanga kuyendetsa nokha anakuletsani ndani? Galimoto ya otomatiki, mayi, amayendetsa anthu oti sadziwa n'kusoka batani lomwe. Inu amene munkaona minibasi dalaivala asanaione, maso a pamsewu muli nawo kale. Sukulu zophunzitsa kuyendetsa zadzaza mu Blantyre muno, ndipo mukapeza anzanu a imvi pa mzere womwewo. Tsiku loyamba kukhala pa chiwongolero mudzayenera kukokera mpando uja kutsogolo. Mudzalira, lirani ndithu, mukatha muukoke.

Koma musanalembetse, itanani makanika wodalirika aione. Kuiliza Lamulungu kumathandiza batire yokha. Matayala oima malo amodzi amang'aluka, mabuleki amagwirana, makoswe nawo amakonda mawaya a galimoto yosayenda. Mufunseni mtengo woidzutsira kuti ipeze COF, chiphaso choti ili bwino kuyenda pamsewu, muwonjezepo mafuta a pamwezi, sevisi ndi inshuwalansi. Ya mtengo wotsika ija imalipira amene mwamugunda, yanuyo mukonza nokha. Yolipira zonse ndi yodula, koma kwa dalaivala watsopano wodutsa pa raundabauti ya ku Chichiri m'mawa, ine ndingaiganizire. Mukaona kuti zonsezi zikulanda chakudya cha pakhomo, gulitsani mtima uli m'malo, ndipo mufunse mitengo kwa ogula angapo, osati a Nazir okha. A Peterson anaikidwa kamodzi, mwaulemu, ndipo munalipo. Chimene mugulitse ndi chitsulo.

Chomwe sindikufuna ndi choti mwezi wamawa mutumizenso ndalama mwakachetechete n'kubwerera pansi pa mtengo. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Pomaliza, chenjerani: kiyi asatuluke m'nyumba mwanu, kaya wapempha ndani, mpaka mapepala onse atchule munthu wamoyo. Galimotoyo ikagunda mwana wa eni ake pa Ginnery Corner, apolisi sadzapita kumanda kukafunsa a Peterson. Adzagogoda pakhomo panu.

Aphungu