Magazi a Kwathu

Lolemba, 11 Malichi 2013

Achimwene a Chester agonekedwa m'chipatala. Maso achikasu, mimba yotupa ngati ya mayi wapakati. Chiwindi. Mowa womwewu unatenga bambo, unatenganso agogo ku Nsanje.

Lachitatu, 13 Malichi

Azakhali akuti banja lathu linalodzedwa. Ine ndawapeza adokotala pakhonde n'kuwafunsa kuti anzawo amene achimwene amamwa nawo ku Chilobwe kuno, bwanji ali bwinobwino, m'mawa amapita kuntchito?

"Matupi amasiyana, chemwali," atero. "Ena amamwa n'kusiya. Ena mowa umawagwira msanga, ndipo zimenezi zimatha kuyenda m'magazi kuchokera kwa makolo. Sikuti aliyense m'banjamo adzatero ayi, koma muzisamala."

Bola ufiti, amachotsa. Nanga magazi ndikawachapa kuti?

Lachisanu, 15 Malichi

Ndamuuza Fabiano zonse tili mu minibasi. Chinkhoswe chathu ndi mwezi wamawa, ndimati asadzamvere kwina. Iye wangoyang'ana pawindo mpaka watsika pa Chichiri.

Lamlungu, 17 Malichi

Achimwene andigwira dzanja, akunjenjemera thupi lonse. "Dailesi, mlongo wanga, kakang'ono kokha, ndingonyowetsa kukhosi." Akulira. Munthu amene anandiphunzitsa kulemba dzina langa. Ndakana. Atembenukira kukhoma, sanandiyankhulenso.

Lachiwiri, 19 Malichi

Amwalira m'mawa uno.

Lachiwiri, 26 Malichi

Tabwerako kumaliro dzulo. Fabiano wandipeza kushopu ku Limbe ndikulongedza sopo. Akuti mayi ake amva, ndiye akuti safuna zidzukulu zobadwa ndi botolo m'manja. Ndamuuza kuti ine chibadwire sindinalawepo, iyenso akudziwa.

"Ndikudziwa. Komabe tidikire kaye."

Maso ake ali pa makatoni. Kudikira chiyani? Magazi asinthe?

Lachinayi, 28 Malichi

Titaweruka, Annie wa pa kauntala wandikokera kuseri kwa shopu, m'manja muli timasacheti tiwiri ta mowa, kamodzi wandipatsa. Akuti mtima ukhale pansi, ndalira mokwana. Iye wangomwa pang'ono, wachita tsinya, wataya. "Zowawa izi, anthu amazikonderanji?"

Ine sizinandiwawe. Kutentha kunatsika bwinobwino mpaka m'mimba, mapewa n'kumasuka, phokoso la m'mutu lija n'kutha. Chiyambire matenda a achimwene sindinapumepo chonchi. Ndafinya kasachetiko mpaka dontho lomaliza.

Ndamufunsa Annie kumene amagulitsa. Wangondiyang'anitsitsa. Ndapapeza ndekha, pafupi ndi depoti.